Akulu a Kavalo Woyera

Tsamba lija linali litakalamba, ndipo Perizat ankadziwa. Analipanga kuti anthu amene anaphunzira limodzi azipezana pa intaneti, ndipo pa nthawi yake linkawira ngati msika wa ziweto. Koma achinyamata anasamukamo kalekale. Otsala anali azakhali otumizirana maluwa othwanima, azigogo ofunirana Lachisanu labwino, ndi akufa, amene masamba awo ankapitirizabe kukumbutsa anthu tsiku lawo lobadwa.

Koma Tilek, mnyamata wa m'kalasi mwake uja, anali kumeneko. Ndiye akanatani mwana wa eni?

Lachiwiri limenelo anafika ku ntchito atavala diresi labuluu limene ankalisungira maukwati. Malo awo osokera anali kunsi kwa nyumba ina yosanja mu Bishkek: akazi khumi ndi awiri, makina khumi ndi awiri, ndi kawindo kamodzi m'mwamba kongoonetsa nsapato za odutsa. Unali mwezi wa Meyi, nthawi imene mitengo ya m'misewu imaulutsa thonje lake, ndipo thonjelo linkalowera pakawindoko n'kumatera pa nsalu.

"Iwe, thumba limenelo walisokera mozondoka," anatero Gulzat, mayi wojintcha wa ku Osh amene ankasoka pambali pake. Anayankhula mapini ali kukamwa. "Kachiwiri kameneka. Ndani ameneyo?"

"Palibe."

"Palibe ndi amene wakupakitsa milomo Lachiwiri m'mawa? Ndiye Palibe ameneyo ndi mwamuna ndithu."

Atsikana a mzere wakutsogolo anaseka osacheuka. Perizat anaweramira makina ake, makutu akutentha.

Mu mzinda monsemu, Gulzat yekha ndi amene ankadziwa kumene Perizat anachokera. Zaka ziwiri zapitazo anathawa ku At-Bashy ndi kachikwama kamodzi ndi mwana wake Aisuluu. Ankathawa Kubat, mwamuna amene anamukokera m'galimoto ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuchokera kogula shuga, azakhali a mwamunayo n'kumumanga mpango woyera wa ukwati kumutu asanasiye n'kulira komwe. Anapirira zaka khumi ndi chimodzi, ndipo dzanja la Kubat silinapepuke. Atathawa, apongozi ake anatumiza mawu kwa abale ake: mkazi ndi mlendo, apite kumene akufuna, koma mwana ndi fupa lathu, tidzamutenga ngakhale abisale m'mimba mwa nsomba. Perizat anasintha nambala ya foni, anasiya kupita kumaliro a kwawo, ndipo akamva munthu akuyankhula ngati wa chigawo cha kwawo cha Naryn m'minibasi, ankatsika pasiteji yotsatira.

Anasamala choncho zaka ziwiri. Kenaka kunabwera Meyi ameneyu, chaka chakhumi ndi chisanu chimalizireni sukulu, ndipo mtima unamunyenga kuti angosuzumira. Sadzalemba kanthu, angoona chithunzi cha kalasi yawo. Anachipeza: atsikana ali m'maepuloni oyera, maliboni kumutu, mapiri kumbuyo. Tilek anaima kumbuyo kwake, dzanja lili m'malere pafupi ndi phewa lake, losafika. Perizat anagunda dzina lake ndi chala. Anaiwala kuti tsambalo ndi lamiseche: ukalowa pa munthu, limamuuza kuti wakuti anabwera, n'kuika nkhope yako pa mndandanda wa alendo.

M'mawa mwake anapeza uthenga. "Ndakuona pakati pa alendo anga. Tsitsi lalitali lija ukadali nalo?"

Masabata atatu anatha akulemberana. Perizat ankalemba mitunda, Tilek ankayankha mwachidule, koma amuna a kumapiri ndi otero. Atamukumbutsa tsiku limene anathawa phunziro la masamu n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje mpaka mapazi kuchita dzanzi, anangoti, "Ee, masiku amenewo." Mawu atatu okha, koma Perizat anawasenza tsiku lonse ngati mwana wa nkhosa wongobadwa kumene. Chinthu chimodzi chokha chinamuopsa: mlongo wake wa Tilek, Meerim, anakwatiwa ndi mng'ono wake wa Kubat, ndipo ankakhala pakhomo pomwe Perizat anathawa. Anamuchonderera kuti asamuuze. Yankho linali lakuti, "Ine ndi mlongo wanga sitiyankhulana."

Tsopano Tilek anali atabwerako ku Russia, akuyendetsa thiraki, ndipo lero adutsa mu Bishkek. Ali ndi ola limodzi lokha. Perizat sanafune kutaya ngakhale mphindi ya olalo. Anamuuza kuti wani koloko amakatenga mwana ku sukulu, n'kumulembera dzina la msewu ndi geti loti akaimepo.

Nthawi ya tiyi, ili leveni koloko, Gulzat anamukokera kuseri kwa mabelo a nsalu.

"Ulula. Wamupeza kuti?"

Perizat anamuuza.

"Pa tsamba la agogo lija? Mayo ine! Kumeneko kukadali anthu opuma? Ine ndinachokako apongozi anga atapatsa chithunzi changa cha ukwati mamalikisi atatu pa asanu. Atatu, mwana iwe, diresi nditasoka ndekha!" Anapukuta zala za mafuta a samsa, samusa wa kumeneko, pa epuloni. "Bweretsa kuno ndimuone."

"Asisi, ndi zanga izi."

"Zako zinathera pa thumba lozondoka lija. Bweretsa."

Gulzat anayang'ana chithunzi cha Tilek nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu movomereza. "Mapewa alipo. Koma chithunzichi n'chakale, jekete zoterezi zinatha fasho mwana wanga woyamba asanamere mano." Anayamba kuwerenga mauthenga, milomo ikuyenda. Anaseka pena, anatsonya pena. Kenaka anaima.

"Ameneyu ndiye ndani? 'Usaope, Akulu a Kavalo Woyera anakuiwala, akufunsira wina ku Naryn.'"

"Ndi Kubat."

"Nanga bwanji osangoti Kubat?"

"Akumuseka basi."

"Apa akuti Akulu a Kavalo Woyera. Apanso. Apa akuti Abambo a Pakhomo akudwala miyendo." Gulzat anakweza maso. "Mwamuna wandevu zake, woyendetsa thiraki, kumazemba maina ngati mkamwana?"

Perizat analanda foni. Anabwerera ku uthenga woyamba n'kumatsika, chala chikuterera. Masabata atatu, ndipo dzina la Kubat silinalembedwe ngakhale kamodzi. La apongozi ake aamuna, ayi. La apongozi aakazi, ayi. Iye ankawatchula onsewo momasuka, mwadala, pokondwera kuti tsopano pakamwa ndi pake. Koma mbali inayo inkawalambalala mainawo ngati munthu wolambalala manda.

Mkamwana satchula dzina la akuluakulu a kwa mwamuna wake. Amawapangira lake, ndipo amafa nalo. Perizat anachita zimenezo zaka khumi ndi chimodzi. Koma Tilek wa ku sukulu ankangoti "Kubat wa mphuno yokhota," n'kulavula. Ndipo dzina ili la kavalo woyera, Perizat analimvapo. Analimva m'khitchini, pakati pa nthunzi ya nyama, likutuluka pakamwa pa mtsikana wongolowa kumene m'banja: "Achemwali, Akulu a Kavalo Woyera akufuna tiyi."

Anachiona chonsecho ngati ali m'chipindamo. Meerim wagwada pambali pa tebulo lalifupi, foni ili m'manja. Kumbuyo kwa phewa lake kuli apongozi, magalasi ali pamphuno, akumuuza zolemba. Angathe kumunamizitsa chilichonse, angathe kumuchititsa kukhala mwamuna, koma pamaso pa apongozi ake chala cha mkamwana sichingalembe dzina la mlamu wake wamkulu.

"Unamuuza chiyani?" Gulzat anafunsa, mawu atatsika.

"Sukulu."

"Mulungu wanga. Ndi chiyaninso?"

"Nthawi. Geti." "Ndinamuuzanso za chipinda changa. Kuti windo langa linayang'ana pamene amaphika buledi, kuseri kwa depoti."

"Thamanga. Abwana ndiwauza kuti wadya samsa yowola. Thamanga, ukundiyang'aniranji?"

Anakwera masitepe awiriawiri. Anaimbira aphunzitsi a Aisuluu, foni inaitana mpaka kudula. Anaimbanso. Minibasi inabwera yodzaza, anadzipanikiza pakhomo, nkhope ili pa msana wa bambo wina wonunkha fodya. Pa mphambano iliyonse loboti inali yofiira. Dalaivala anaima kuti mayi wina akweze thumba la anyezi, ndipo Perizat anafuna kulira, kufuna kumenya denga, kufuna kutsika n'kukankha galimotoyo ndi manja ake. Kunja thonje lija linkauluka mumsewu monse ngati phulusa la nyumba imene yapsa kutali.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. "Ndayandikira. Wavala labuluu lija kuti ndikuzindikire?"

Anatsika siteji imodzi asanafike pa sukulu, n'kuyenda chokhudza makoma mpaka pakona pa kanyumba kogulitsira nyuzipepala. Nthawi inali itangopitirira thwelofu koloko ndi mphindi makumi awiri.

Anali atafika kale.

Galimoto yotuwa, yamatope a kumudzi m'matayala, inaima moyang'ana kumsewu waukulu, yokonzeka kunyamuka. Kubat anatsamira chitseko akutafuna nthangala za mpendadzuwa n'kumalavula makoko pa nsapato zake. Ananenepa. Mng'ono wake anali pachiwongolero. Ndipo pa benchi ya pageti, pakati pa azigogo ena odikira zidzukulu, panakhala apongozi ake, mpango woyera kumutu, chidole chatsopano chili pamiyendo. Ankacheza ndi mayi wa pambali pawo, akumwetulira. Munthu wodutsa akanati, taonani agogo abwino awo.

Apolisi? Perizat ankalidziwa yankho lawo: bambo wabwera kudzaona mwana wake, vuto lili pati, mlongo? Mukakambirane kunyumba. Ndipo Aisuluu akangolowa m'galimoto imeneyo, kunyumba kwake ndi kuseri kwa mapiri, mtunda wa tsiku lathunthu, m'mudzi umene aliyense ndi msuweni wa Kubat.

Anabwerera m'mbuyo, n'kuzungulira ndi kanjira ka magaraja. Kuseri kwa sukulu, pafupi ndi mosungira malasha, mpanda unali ndi mpata pamene chitsulo chimodzi chinazuka; ana ankatulukira pamenepo kukagula ayisikilimu. Diresi labuluu linakodwa, linang'ambika m'mbali, sanacheuke. Analowera khomo la kukhitchini, mayi wophika akukuwa kuti kuno salowa makolo, n'kukwera mpaka ku kalasi yachiwiri.

Aphunzitsi anatsegula chitseko choko chili m'manja. "Mayi a Aisuluu! Patsala theka la ola kuti tiweruke."

"Tikupita kwa dokotala wa mano. Ndinaiwala kukuuzani."

"Aa, koma agogo ake akumudikira pageti. Anabwera nthawi yopuma kudzafunsa kuti kalasi yake ndi iti. Anthu aulemu bwanji! Atibweretsera boorsok, timandasi ta kumudzi, thumba lonse. Ndinawauza kuti mwana sitimutulutsa belu lisanalire, lamulo ndi lamulo."

"Mwachita bwino," anatero Perizat. "Aisuluu, tenga chikwama."

Mwanayo anatuluka maso akuwala. "Amama, agogo abwera? Agogo a kwa akavalo?"

"Tiye."

"Koma ali kugeti, uku si kugeti."

"Ndati tiye."

Anamugwira dzanja molimba mpaka mwanayo anati mukundipweteka. Anatsika masitepe a kuseri, kudutsa fungo la supu ya kabichi, kudutsa mulu wa malasha. Mpata uja unali pomwepo, mamita khumi okha.

Ndipo kunja kwake kunaima mkazi.

Anali atavala mkanjo wautali wa mkamwana ndi mpango womangira kumbuyo. Mimba inali itakula, ya miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa. Anaonda m'masaya. M'dzanja anagwira foni yakale ya galasi losweka pakona.

"Achemwali," anatero Meerim.

Perizat anakankhira mwana kumbuyo kwake. Anayang'ana kumanzere, kumanja. Kanjira kanali zii, galu yekha atagona pakhomo la garaja.

"Amayi angondituma kumene kuti ndiime kuno," anatero Meerim. "Anati nkhandwe sibwerera pakhomo lakutsogolo."

"Ndiye kuwa. Ukudikira chiyani?"

Meerim sanakuwe. Anayang'ana Aisuluu amene ankasuzumira kuseri kwa diresi long'ambika. "Wakula. Ukundikumbuka? Ndinkakuluka tsitsi."

"Usamuyankhule."

"Mwavaladi labuluu," anatero Meerim chapansipansi. "Munati mudzavala labuluu."

Manyazi anamukwera Perizat kuchokera kumapazi. Zonse zimene analemba, za mtsinje, za maloto ake, za mmene amagonera atakumbatira pilo, zinawerengedwa mokweza pa tebulo lalifupi lija, tiyi akuthiridwa.

"Zonse zija, unkawawerengera?"

"Zina ndinkadumpha. Amayi maso awo amaona zimene ndikulemba ine, koma zilembo zanu zambirimbiri zinkawatopetsa." "Za windo ndi buledi sindinathe kudumpha, anali atakhala pambali panga. Musapite kunyumba. Amalume awo a Akulu ali kumeneko kuyambira m'mawa."

Perizat anadziwa kuti safunika kufunsa. Nthawi inalibe, mwana anali m'manja, galimoto inali kuseri kwa khoma. Koma funso linatuluka lokha.

"Nanga Tilek?"

"Achimwene anandisiyira foni iyi zaka zinayi zapitazo atagula yatsopano. Sanatsekemo tsamba lija. Iwo anaiwala n'komwe kuti liliko." Meerim anayang'ana pansi. "Akadali ku Russia, ku Novosibirsk. Ali ndi ana awiri. Tsiku limene nkhope yanu inatulukira pa alendo, foni inali m'manja mwa amayi, ankaonera maluwa."

Perizat anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chinachake chinatsekeka m'chifuwa mwake, mwakachetechete, ngati chitseko cha nyumba yopanda anthu.

Foni yosweka ija inalira. Onse awiri anaiyang'ana. Meerim anaisiya ilire kawiri, katatu, kenaka anaiika kukhutu.

"Ee, amayi. Ayi, kuno kulibe munthu. Galu yekha." Anamvetsera. "Ee, ndaima pomwepo. Sindinasunthe."

Anadula foni. Anapatuka pampatapo, n'kutembenukira kukhoma la garaja.

"Belu likangolira aona kuti mwana palibe, ndipo aphunzitsi awauza kuti mwadutsira kuseri. Ine ndiyenera kunena kuti ndinakuonani. Ndikapanda kutero, mukudziwa zimene zichitike tikafika." Anagwira mimba yake. "Ndidzati mwathawira kumtunda, cha kuchipatala. Inu pitani kumunsi. Koma mwamuna wanga mzinda uno amaudziwa, sazungulira nthawi yaitali."

"Meerim..."

"Pitani, achemwali. Ine sindinacheuke."

Perizat anadutsitsa mwana pampata, iyenso n'kudutsa. Anayenda msangamsanga, kenaka anathamanga, chikwama cha Aisuluu chikumenya msana. Kanjirako kanawatulutsira ku msewu wina waung'ono, pa siteji yopanda denga. Panali bambo mmodzi wokalamba atanyamula mbande za tomato m'katoni. Minibasi panalibe.

"Amama, dzino langa silikupweteka."

"Ndikudziwa."

"Tikupita kunyumba?"

"Ayi."

"Nanga mphaka wanga Mimi? Sindinamusiyire mkaka."

Perizat anayang'ana kumene minibasi zimachokera. Msewu unali mbee, thonje lokha likugudubuzika m'mbali mwa ngalande. Analibe chikwama, analibe zikalata za mwana, zonse zinali m'chipinda chija cha pafupi ndi buledi. Anali ndi diresi long'ambika, foni, ndi dzanja laling'ono lotuluka thukuta m'dzanja lake.

"Agogo, minibasi yadutsa posachedwa?" anafunsa bambo wa tomato.

"Yangopita kumene, mwana wanga. Ina ibwera. Kuno zimabwera zikafuna."

Kutali, kumapeto kwa msewu, kunaoneka kanthu koyera kakutembenuka pakona. Kapena minibasi, kapena galimoto ya buledi, maso sanathe kusiyanitsa. Perizat anatsika mumsewu n'kukweza dzanja, ngakhale kanthuko kanali kutali kwambiri kuti kamuone.

Kumbuyo kwawo, kuseri kwa magaraja, belu la sukulu linayamba kulira.